Nzeru za Ubongo ndi Thupi: Kodi Digiriyi Idzamdyetsa Mwana Wathu?

 Nkhani imene ndadza nayo lero inabadwira pakhonde la nyumba yanga, tsiku lina Lamulungu titaweruka kutchalitchi, pamene bambo wina wachikulire, mnzanga wakalekale amene tinkabusa naye mbuzi tili anyamata, anandipeza atanyamula kalata m'thumba la jekete, nkhope yake ikuoneka kuti usiku sanagone bwino. Titapatsana moni wa banja lonse monga mwa mwambo, anatulutsa kalata ija nati: “Achimwene, mwana wanga wamkazi wapeza malo kusukulu ya ukachenjede kunja kwa dziko lino, ndipo akuti akukaphunzira zinthu ziwiri zimene lilime langa likukanika kuzitchula, neurobiology ndi physiology. Ine ndagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ndimthandize ulendo. Tsono tandiuzani mosapsatira: kodi akamaliza adzakhala dokotala? Nanga adzalandira ndalama zingati?”

Funso la mnzangayo si lochititsa manyazi, ngakhale alipo anthu ena ophunzira amene amakwinya nkhope akamva nzeru ikuyezedwa ndi ndalama, ngati kuti munthu wophunzira sadya nsima kapena salipira lendi. Kholo limene lagulitsa ng'ombe liyenera kudziwa kumene ng'ombezo zapita. Ndipo ngakhale Malembo amamuyesa wanzeru mmisiri amene amayamba wawerengera chuma chake asanakumbe maziko, kuopa kuti anthu odutsa m'njira angadzamseke poona chipupa chosatha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chotero ndafuna kumyankha mnzangayo pamaso pa inu nonse, pakuti makalata otere akufika m'makomo ambiri masiku ano, ndipo ana athu ena, ngakhale sanawoloke nyanja, akuchita maphunziro apachibale ndi amenewa m'masukulu athu konkuno.

Tiyambe ndi kumasulira mawu awiri aja. Physiology ndi phunziro la momwe thupi lamoyo limagwirira ntchito: momwe mtima umapopera magazi usana ndi usiku osapumula, momwe mapapo amalandirira mpweya, momwe impso zimasefera magazi ndi kutaya zosafunika, momwe chakudya chimasandukira mphamvu, ndiponso momwe thupi limasungira kutentha kwake pamlingo umodzi, kaya munthu ali m'chisanu cha ku Dedza kaya m'dzuwa la ku Nsanje. Neurobiology ndiyo nthambi imene imalunjika pa ubongo, pa chingwe cha minyewa chimene chimatsika m'kati mwa fupa la msana, ndi pa minyewa yonse imene imanyamula uthenga kupita ku ziwalo ndi kubwerako. Ubongo wa munthu wamkulu sufika ngakhale kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo pa kulemera kwa thupi lonse uli ngati magawo 2 okha pa 100. Komatu umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu atangokhala phee, ndipo m'kati mwake muli timaselo ta uthenga tokwana pafupifupi 86 biliyoni, timene timalankhulana ndi kamphamvu ka magetsi ndi timadzi ta mankhwala. Mukaponda munga, phazi limanyamuka musanaganize n'komwe, chifukwa lamulo lonyamula phazilo limachokera pamsana pomwepo, ubongo usanamve kuti kunja kwagwa zotani.

Nzeru zimenezi sizinagwe kuchokera kumwamba ngati mana. Zinakumbidwa ndi anthu opirira. Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, amene ali mnyamata wosamva bambo wake anampereka kwa wometa tsitsi ndi kwa wosoka nsapato kuti aphunzireko ntchito, ndiye anatha zaka zambiri ataweramira galasi lokuza zinthu, akujambula ndi dzanja lake timaselo ta ubongo, kufikira anasonyeza kuti selo lililonse lili palokha ndipo limangoyandikana ndi linzake. Analandira mphoto ya Nobel mu 1906 pamodzi ndi Camillo Golgi wa ku Italy, amene anatulukira njira yodayira timaseloto kuti tioneke, ngakhale awiriwo sankamvana pa tanthauzo la zimene maso awo ankaona. Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley a ku England anafotokoza mu 1952 momwe magetsi amayendera mumnyewa, pogwiritsa ntchito mnyewa waukulu wa nyama ya m'nyanja yamchere yotchedwa squid, ndipo mphoto yawo inawapeza patapita zaka 11, mu 1963. Ndatchula anthu amenewa kuti muone khalidwe la ntchitoyi: ndi munda umene zokolola zake zimachedwa, ndipo wolowamo ayenera kukhala ndi mtima wa wobzala mbawa, pakuti wozolowera kubzala mpiru sangapirire.

Tsono yankho la funso loyamba la mnzanga lija ndi ili: iyayi, digiri imeneyi payokha simsandutsa munthu dokotala. Mwana akamaliza zaka zake zitatu kapena zinayi, adzadziwa za thupi la munthu zambiri zoposa zimene ife tonse pano tidziwa, koma sadzaloledwa kupima wodwala, kulemba mankhwala kapena kuchita opaleshoni, pakuti kuno kwathu chilolezo chotero chimaperekedwa ndi bungwe la Medical Council of Malawi kwa okhawo amene anachita maphunziro ochiza odwala amene bungwelo limawavomereza, ndipo maiko ena nawonso ali ndi mabungwe awo otero. Chimene chimasokoneza makolo ambiri ndi chakuti ku America, kumene maphunziro a dzina limeneli amapezeka m'masukulu monga University of California ku Davis, University of Connecticut ndi University of Maryland, munthu salowa sukulu ya udokotala atangochoka kusekondale. Amayamba watenga digiri ya zaka zinayi, kenaka n'kupikisana ndi anzake kuti alowe sukulu ya udokotala ya zaka zina zinayi, ndipo ophunzira ambiri amasankha neurobiology ndi physiology ngati makwerero opitira kumeneko. Ena amakwera n'kufika; ochuluka ndithu amatsala pamakwerero, pakuti chaka ndi chaka ofunsira malo amaposa kawiri malo amene alipo, ndipo kwa mlendo wochokera dziko lina khomolo ndi lopapatiza koposa, popeza masukulu ambiri a udokotala kumeneko salandira alendo, ndipo ngongole ya boma ya maphunziro siwakhudza.

Nanga amene waima pa digiri yoyambayo, ntchito yake imakhala yotani? Kawirikawiri amalembedwa ngati wothandiza mu labotale, wokonza ndi kuyeza magazi kapena minofu, wosamala nyama za kafukufuku, wolemba ndi kusunga zotsatira. Ena amayang'anira kafukufuku woyesa mankhwala atsopano, kuona kuti wodwala aliyense wafotokozeredwa bwino ndipo wavomera mwa kufuna kwake, ndi kuti mapepala onse ali m'malo mwake. Ena amayendera zipatala kugulitsa mankhwala ndi zipangizo m'malo mwa makampani. Ena amalowa m'kalasi kukaphunzitsa. Nthambi ya boma la America yowerengera za ntchito inapeza kuti mu 2023 malipiro apakatikati a wothandiza mu labotale ya zamoyo anali pafupifupi madola 51,000 pachaka, pamene a wasayansi wofufuza za matenda, amene nthawi zambiri amakhala ndi digiri ya PhD kapena ya udokotala, anali pafupifupi madola 100,000, ndipo a madokotala anali oposa madola 200,000. Anthu atatu amenewa mwina anakhalira benchi imodzi m'chaka chawo choyamba, nalemba mayeso amodzi, nalandira digiri ya dzina limodzi. Chimene chinawasiyanitsa ndi zaka zimene aliyense anawonjezera pambuyo pake, ndi chilolezo chimene zakazo zinamubweretsera.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwatenga kale pensulo ndipo mukusandutsa madolawo kukhala makwacha, mtima ukugunda. Pepani, taikani kaye pensuloyo pansi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama imeneyo ndi yowerengedwa msonkho usanachotsedwe, ndipo mwini wake amalipira nyumba, inshuwalansi ya chipatala, mayendedwe ndi chakudya pa mitengo ya komweko, kotero kuti wothandiza mu labotale mumzinda ngati Boston kapena San Francisco nthawi zambiri amagawana nyumba ndi anzake kuti mwezi uthe. Dokotala wa malipiro aakulu uja nayenso amatuluka m'sukulu atasenza ngongole imene kwa ambiri imakhala pafupifupi madola 200,000, ndipo asanayambe kulandira zambirizo amagwira zaka zina akuphunzira pansi pa akuluakulu ake: zinayi ngati afuna kukhala katswiri wa matenda a ubongo ndi minyewa, zisanu ndi ziwiri ngati afuna kukhala wochita opaleshoni ya ubongo. Mukawerengera zonsezi mudzapeza kuti mwana amene anachoka pakhomo ali ndi zaka 18 amadzayamba kudya za thukuta lake mokwanira atafika zaka 30 kapena kupitirira, ndipo kholo limene linkayembekezera malata a nyumba m'chaka chachisanu liyenera kumva zimenezi lero lomwe.

Njira ya kafukufuku nayonso ili ndi chipululu chake chimene munthu ayenera kudutsamo asanaone dziko la mkaka ndi uchi. Ubwino wake ndi wakuti wophunzira PhD ya sayansi amene wapeza thandizo salipira sukulu, ndiponso amapatsidwa kangachepe koti adzisamalire: ku Britain, ndalama yochepetsetsa imene bungwe la boma lothandiza kafukufuku linkapereka m'chaka cha maphunziro cha 2024 mpaka 2025 inali mapaundi 19,237 pachaka, yosadulidwa msonkho, pamene ku America mlingo wa bungwe la National Institutes of Health mu 2024 unali madola 28,224 kwa wophunzira, ndi madola 61,008 kwa amene wangomaliza PhD nayamba kugwira ntchito mu labotale ya mphunzitsi wina wamkulu. PhD imatenga zaka zitatu kapena zinayi ku Britain, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ku America, ndipo pambuyo pake munthu amatha zaka zina akusamuka labotale ndi labotale pa makontrakiti a zaka ziwiri kapena zitatu, akuyembekezera mpando wa uphunzitsi wokhazikika. Mipando imeneyo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi oifuna, chifukwa pulofesa mmodzi amaphunzitsa ophunzira ambiri pa moyo wake, koma popuma ntchito amasiya mpando umodzi wokha. Mwa ichi ambiri amapatukira kumakampani opanga mankhwala ndi zipangizo za chipatala, kumene malipiro amaposa a kuyunivesite, kapena ku ntchito yosanthula manambala pa kompyuta, imene anaiphunzira powerengera zotsatira za kafukufuku wawo.

Pali njira ina yapakati imene anthu athu sakuidziwa kwenikweni, ndipo ndifuna muimvetse bwino. M'zipatala zazikulu mumakhala akatswiri amene si madokotala, koma dokotala sangagamule za matenda popanda iwo: amene amamata timawaya pamutu pa wodwala khunyu kuti makina otchedwa EEG alembe magetsi a ubongo wake, amene amayeza liwiro la uthenga mumnyewa wa munthu amene dzanja lake lachita dzanzi, amene amayeza kagundidwe ka mtima, mphamvu ya mapapo, makutu ndi tulo. Ku England, bungwe la boma la zaumoyo la NHS lili ndi maphunziro a zaka zitatu a anthu otere, amene wophunzira amalandira malipiro akuphunzira, ndipo pomaliza amatenga digiri ya masters. Mu 2024 malipiro oyambira a ophunzira amenewa anali mapaundi 37,338 pachaka, koma malo ake amalimbiranidwa kwambiri. Momwemonso digiri ya physiology ndi maziko abwino kwa amene afuna kudzakhala wolimbitsa ziwalo za odwala, wophunzitsanso kulankhula anthu amene anagwidwa ndi sitiroko, kapena katswiri wa mankhwala. Koma ntchito iliyonse mwa izi ili ndi sukulu yakeyake ndi chilolezo chakechake, ndipo palibe imene imangoperekedwa chifukwa munthu anakhoza bwino physiology.

Tsopano tibwerere kwathu, pakuti nkhani ya ubongo ili ndi mbiri yake pa nthaka yathu ino. Amayi ambiri amene mukumvera mukudziwa usiku umene mwana watentha thupi, wayamba kugwedezeka, maso atembenuka, ndipo pofika mbandakucha sakuyankhanso ngakhale mumtsine. Amenewo ndiwo malungo a mu ubongo. Kuyambira mu 1986 Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University wakhala akubwera ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kudzafufuza matendawa, ndipo iye ndi Profesa Malcolm Molyneux anakonza muyezo wodziwira kukula kwa kukomoka kwa mwana wosatha kulankhula, poona maso ake, kulira kwake ndi momwe amasunthira akamva kuwawa, kuyambira pa 0 kufika pa 5. Muyezo umenewo lero umagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, ndipo umatchulidwa ndi dzina la mzinda wathu, Blantyre Coma Scale. Mu 2008 chipatalacho chinalandira makina a MRI ojambula m'kati mwa mutu, oyamba m'dziko lino, ndipo mu 2015 Dr Karl Seydel ndi anzake anafalitsa zimene anapeza: mwa ana 168 amene anawajambula, 25 anamwalira, ndipo mwa iwowo 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri, kufikira kupanikiza malo amene amalamulira kupuma. Chinsinsi chimene chinazunguza madokotala kwa zaka zambiri, chakuti n'chiyani kwenikweni chimapha ana amenewa, chinavundukulidwa m'chipinda cha ana ku Blantyre.

Taganizirani tsono manja onse amene anagwira ntchito imeneyo. Kumbuyo kwa madokotala otchukawo kunali anamwino, ojambula, oyeza magazi, osunga zotsatira, owerengera manambala, ndi olankhula ndi makolo m'chinenero chawo panthawi ya chisoni. Ndipo pakati pa anthu otere m'pamene mwana wa digiri ya physiology kapena neurobiology amapeza poyambira. Malo ake alipo ndithu: Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, imene inayamba mu 1995, Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba kugwira ntchito mu 2021 itapangidwa pophatikiza College of Medicine ya mu 1991 ndi Kamuzu College of Nursing, kumene ophunzira udokotala, unamwino ndi zamankhwala onse ayenera kuphunzitsidwa physiology, UNC Project ku Lilongwe, ndiponso bungwe la MEIRU ku Karonga ndi ku Lilongwe, limene limafufuza matenda monga kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Mzuzu University nayo imaphunzitsa biomedical sciences, amene ndi maphunziro apachibale ndi amene tikukambawa. Kuyunivesite, wokhoza bwino digiri yoyamba akhoza kutengedwa ngati wothandizira aphunzitsi, koma kuti akhazikike ndi kukwera ayenera kukhala ndi masters, kenaka PhD.

Kufunika kwa anthu odziwa za ubongo pakati pathu palibe angakutsutse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, kuti pafupifupi 80 pa 100 alionse a iwo amakhala m'maiko osauka ndi apakati, ndiponso kuti mpaka 70 pa 100 akhoza kuleka kugwa akapimidwa bwino ndi kulandira mankhwala oyenera. Komabe m'midzi yathu mukadali ana amene anasiyitsidwa sukulu ndi kupatsidwa mbale yawoyawo poopa kuti khunyu n'lopatsirana, pamene silipatsirana konse. Onjezanipo anthu ofa ziwalo chifukwa cha sitiroko, ovulala mutu pa ngozi za kabaza, ndi odwala matenda oumitsa khosi. Anzathu a ku Zambia anayamba kuphunzitsa okha akatswiri a matenda a ubongo ndi minyewa pa University Teaching Hospital ku Lusaka mu 2018, poona kuti kudikira alendo sikungathetse vutoli. Koma pano m'pamene ndiyenera kunena mawu owawa: kuchuluka kwa odwala sikutanthauza kuchuluka kwa ntchito zolipidwa. Munda ukhoza kukhala waukulu, dzinthu zitacha, koma ngati mwini munda alibe chowalipira okolola, okololawo adzangoima m'mphepete mwa munda manja ali m'khosi. Ntchito imabadwa pamene wina waika ndalama pa mpando, ndipo mipando ya sayansi ya ubongo m'maiko athu ano ikali yowerengeka.

Za malipiro a kuno, chimene kholo liyenera kudziwa ndi kayendedwe kake. M'boma munthu amalipidwa molingana ndi giredi ya mpando umene wakhalapo, ndipo dzina lokongola la digiri silisuntha giredi. Wa neurobiology amene walembedwa uphunzitsi wa kusekondale amalandira chimodzimodzi ndi mnzake wa digiri ina pa giredi yomweyo. M'mabungwe a kafukufuku malipiro nthawi zambiri amakhala abwinopo, ndipo munthu amaphunzira zambiri, nakumana ndi anthu amene angamtsegulire njira ya maphunziro apamwamba. Koma ntchito zake zimakhala za kontrakiti, zomangirizidwa ku ndalama ya kafukufuku wakutiwakuti, ndipo kafukufukuyo akatha, ntchito imatha naye limodzi. Tinaona ndi maso athu mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri la kumaiko akunja, momwe anthu ogwira ntchito m'mapulojekiti azaumoyo anadzukira m'mawa n'kupeza kuti auzidwa akhale kaye kunyumba. Chakudza sichiimba ng'oma. Tinaonanso mu Novembala 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, momwe malipiro amene dzulo anali okwanira anasandukira osafika pakati pa mwezi. Walira mvula walira matope: amene asankha ntchito ya kafukufuku asankhenso kusunga kangachepe pa nthawi ya zokolola, monga anachitira Yosefe m'zaka za dzinthu zambiri.

Kwa inu ana anga amene muli kale m'maphunziro amenewa, kapena mukuwalakalaka, ndili ndi malangizo ochepa. Musadikire tsiku lovala mkanjo kuti mudzifunse kumene mukupita. Pofika chaka chachitatu mukhale mutasankha ngati mtima wanu uli kwa odwala, ku labotale, m'kalasi kapena kumakampani, pakuti mapanga awiri avumbwitsa. Pa tchuthi pemphani malo mu labotale kapena m'kafukufuku wa chipatala, ngakhale kukhale kotsuka mabotolo, popeza kalata ya umboni yochokera kwa mphunzitsi amene anaona manja anu akugwira ntchito imalemera koposa pepala la mayeso lokha, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna. Phunzirani masamu a kawerengedwe ka zotsatira, ndi kulemba malamulo a kompyuta m'zilankhulo monga R ndi Python, chifukwa luso limeneli ndilo limakutsatani ngakhale mutasiya labotale n'kupita ku banki kapena ku bungwe la zaumoyo. Phunzirani kulemba momveka. Dziwani makomo a thandizo la maphunziro: Beit Trust, imene imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa maphunziro a pambuyo pa digiri yoyamba, Commonwealth, Chevening ndi Fulbright, dziwaninso kuti Africa ili ndi bungwe lake la akatswiri a ubongo, Society of Neuroscientists of Africa, ndi kuti University of Cape Town ili ndi nthambi yaikulu ya sayansi imeneyi, kotero kuti si nzeru zonse zimene zili kutsidya kwa nyanja.

Kwa inu makolo anzanga, pempho langa ndi lakuti musamutche mwana dokotala pamaliro ndi paukwati iye asanakhale dokotala, pakuti dzina loperekedwa nthawi isanakwane limasanduka goli, ndipo alipo ana amene amaopa kubwerera kwawo chifukwa mudzi wonse ukuyembekezera munthu wa jekete loyera wobaya jakisoni. Mwana akabwera ndi kalata, khalani naye pansi mumfunse mwachifatse: maphunzirowa ndi a zaka zingati, akatha, kodi pali chilolezo chimene amapereka, ngati palibe, sukulu yotsatira ndi iti, ndipo adzalipira ndani, nanga amene anamaliza chaka chatha ali kuti lero? Sukulu yoona mtima imayankha mafunso amenewa popanda kuzemba. Ndipo ngati mwanayo ndi wamkazi, musamuwerengere zaka za sukulu ngati zaka zobedwa ku banja lake lam'tsogolo, popeza ubongo umene akuuphunzirawo sunalembedwe kuti uwu ndi wa mwamuna, uwu ndi wa mkazi.

Mnzanga uja ndinamuuza zonsezi tsiku lomwelo, tiyi atazizira m'makapu, ndipo atakhala chete nthawi yaitali anandifunsa ngati ng'ombe zake zinapita pachabe. Ndinamuyankha kuti sizinapite pachabe, koma kuti zagula maziko okha. Chipupa ndi denga zidzafuna zaka zina, thandizo lina, ndi kupirira kwa banja lonse, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinamuuzanso kuti ngati chimene afuna ndi ndalama ya msanga, alipo maphunziro ena amene amafikitsa munthu pa malipiro mwachangu kuposa awa, ndipo si tchimo kuwasankha; koma ngati mwanayo ndi wa mtundu uja umene sugona tulo ukafuna kudziwa chifukwa chimene mwana wa mnansi amagwera pansi ndi kuchita thovu kukamwa, amlole apite, atadziwa kutalika kwa ulendo. Inunso omvera, kalata yotere ikafika pakhomo panu, musathamangire kuvina kapena kulira; itanani mwanayo, muwerengere limodzi zaka ndi ndalama, ndipo mukagwirizana, mumdalitse apite.